Ngalande ya ku Chinsapo Imene Ndinaimanga N'kuigumula

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntchisi ndizidumpha. Azakhali anu anakuuzani kale, ndipo iwo amazikamba mokoma kuposa ine, ngakhale amawonjezera. Chimene ndikufuna kukusiyirani ndi nkhani ya ntchito. Mwakhala mukundifunsa kuti kodi ndinkagwira chiyani zaka zonse zija, ine n'kumangoti ndinali kapitawo wa ngalande, inu n'kuseka. Yankholo ndi loona, koma mkati mwake muli zinthu zimene mwiniwakene sindinazimvetse mpaka lero. Ndizilemba momwe zinachitikira. Mwina inu amene munapita patali ndi sukulu mudzaona pamene ine sindikuona.

Kawale, chaka chimene ndinakwatira amayi anu

Ndinalembedwa ntchito ku ofesi yoona za misewu ndi ngalande m'makomboni ndili kale mmisiri womanga. Amene anandiuza za ntchitoyo anati kukufunika anthu okonza malo okhala mumzinda, choncho ndinapita ndi maganizo oti ndikamanga nyumba. Ndinatenga levulo yanga yoyezera makoma ndi chingwe, ndinavala malaya aukwati aja. Kumeneko anandipatsa fosholo ndi majombo aakulu kuposa mapazi anga, n'kundikweza lole yopita ku Kawale. Bwana wanga woyamba anali a Mbewe, bambo wamtali wa mawu ochepa, amene mu ofesi sankakhalamo. Nditakumba masiku angapo ndinawafunsa mwaulemu kuti nanga nyumba zija tiyamba liti.

"Nyumba anthu amamanga okha," anatero a Mbewe. "Ife ntchito yathu ndi yoti nyumbazo zisagwe. Tenga fosholoyo."

Mvula ikayamba, anthu onse akuthawira m'makonde, iwo ndiye ankatuluka ndi ndodo yawo, ife pambuyo, kutsatira madzi kuti tione kumene akufuna kupita. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuti ngalande umayambira kumunsi n'kumakwera nayo. Ankati ukayambira kumtunda ndiye kuti wasonkhanitsa madzi a mudzi wonse n'kukamupatsa munthu mmodzi. Ku Kawale ntchito inkamveka. Nyumba zinali m'mizere, misewu inali yowongoka, ngalande ukaiyala miyala n'kuipaka simenti umapita kunyumba ukudziwa chimene wachita. Komabe chizindikiro cha zimene zinali kutsogolo ndinachiona komweko. Chaka china kunabwera lamulo loti tibzale mitengo m'mbali mwa misewu yonse. Tinabzala, ndipo ina imene inali pafupi ndi chipinda chomwe tinkachita lendi ankathirira ndi amayi anu. Itakula bwino, anthu ayamba kukhala pamthunzi, kunabwera lamulo lina loti tiidule chifukwa mizu ikuswa ngalande. Ndinafunsa a Mbewe kuti lamulo lenileni ndi liti. Iwo anati onse awiri ndi enieni, kungoti analemba anthu osiyana.

Biwi ndi Area 23, zaka zimene Tiyamike ndi Dalitso anabadwa

A Mbewe atapuma ntchito, mabwana anayamba kusinthana ngati makondakitala a minibasi. Uyu abwera ndi mapu ake, tisanamalize kuwamvetsa wasamutsidwa, kwabwera wina ndi mapu ena. Ine anandichotsa ku Kawale kupita ku Biwi, ku Biwi kupita ku Area 23, kenako ku Biwi kachiwiri kukamaliza zimene ndinazisiya, ndipo ndinapeza wina atazikwirira. Zipangizo nazo zinayamba kuvuta. Simenti ikakhalapo, lole ilibe mafuta. Mafuta akapezeka, dalaivala wapita kumaliro. Zonse zikakwanira, mvula yayamba. Panali miyezi imene tinkasonkhana m'mawa uliwonse pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, kudikira kuti atiuze kopita, dzuwa n'kufika pamutu, n'kubalalika.

Ku Area 23 tinamanga kalavati, kamlatho kakang'ono kodutsa madzi pansi pa msewu. Pamapu panali msewu, pansi panali thengo lokhalokha, koma anatiuza kuti timange, msewu utipeza. Tinamanga yokongola ndithu, mpaka ndinalembapo chaka ndi msomali simenti isanaume. Titamaliza tinadikira msewu. Msewu sunabwere. M'malo mwake kunabwera bambo wina ndi chilolezo chosonyeza kuti malowo ndi puloti yake, chochokera ku ofesi ina imene inali khomo loyandikana ndi lathu. Anamanga nyumba, kalavati yathu n'kukhala pabwalo pake. Ndinadutsako posachedwapa, amayi apanyumbapo amayanikapo mphale.

M'zaka zimenezi ndi pamene anandikweza kukhala kapitawo, ndipo patapita nthawi kunabwera bwana amene anakhalitsa, a Kamwendo. Anali wamng'ono kwa ine, injiniya wophunzira bwino, waulemu, wosanyoza munthu. Ankandiitana kuti a Kapitawo, ndipo dzina limeneli linandikanirira mpaka anthu anaiwala dzina langa lenileni. Ndikufuna mudziwe kuti a Kamwendo sanali munthu woipa kapena wopusa. Nawonso anali ndi mabwana awo, ndipo nthawi zambiri ndinkawapeza atagwira kumutu, mafoni awiri ali patebulo, aliyense akuwauza zake.

Chinsapo, chaka chimene Dalitso anayamba sekondale

Chaka chimenecho kunabwera pulojekiti yokonza madera amene anthu anamanga popanda mapulani. Ife anatipatsa mbali ina ya Chinsapo. Kumeneko sikunali ngati ku Kawale. Munthu aliyense anamanga pamene anapeza malo, nyumba zambiri zinali za zidina, tinjira tinali tokhotakhota, pena wilibala osadutsa. Deralo linatsetsereka kuchokera kufupi ndi msewu wa ku Likuni mpaka kudambo, ndipo dzinja lililonse madzi ankatsika momwazikana, kudutsa m'tinjira, kukokolola zimbudzi ndi makhitchini. Mgwirizano unali woti anthu a m'deralo atute mchenga ndi miyala, ofesi ipereke simenti ndi amisiri, timange ngalande imodzi yaikulu yotenga madzi onsewo kukawataya kudambo.

Wapampando wa komiti ya anthuwo anali a Nyagondwe, mayi wa ku Rumphi, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwawo, wa mawu omveka patali. Amuna awo a Mhango ankayendetsa lole ku Kanengo. Nyumba yawo inali kumtunda, ndipo njira imodzi imene madzi ankakonda kudutsa inali m'mbali mwa bwalo lawo. Mayi ameneyu ndi amene anasonkhanitsa anthu. Amayi ankasenza miyala pamutu kuchokera kumene lole yaikhuthula, ana ali kumbuyo, a Nyagondwe ali patsogolo ndi beseni lawo. Zida zathu, mapiki, mafosholo ndi hamala yaikulu yoswera miyala, tinkasungitsa kunyumba kwawo.

Ine ndinauza a Kamwendo kuti tiyambire kumunsi, monga ndinaphunzirira. Iwo anavomereza kuti ndi momwe zimayenera kukhalira. Vuto linali lakuti nyumba za kumunsi, pafupi ndi dambo, zinali pa mkangano. Ofesi ina inkati anthu amenewo asamutsidwa chifukwa anamanga m'madzi. Ofesi inanso inali itayamba kale kulemba manambala pazitseko zawo n'kuwalonjeza mpopi. Sitikanakumba pakati pa nyumbazo tisanadziwe kuti zikhala kapena zichoka.

"Ndiye tichite bwanji, bwana?" ndinafunsa.

"Tikadikira, a Kapitawo, simenti imeneyi aitenga apite nayo kwina. Anthu akumtunda atuta kale mchenga. Tiyambire kumtundako. Pofika kumunsi adzakhala atagwirizana, ndipo mvula idakali kutali."

Zinandimvekera bwino. Sindinatsutse, ndipo ngakhale lero ndikaganiza sindipeza chimene tikanachita china. Tinayamba chilimwe chili pakati. Ngalandeyo inali ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo, yakuya mpaka m'chiuno, makoma ake amiyala, pansi pake posalala. Tinjira tonse ta madzi ta kumtunda tinatilowetsa mmenemo. Anthu anasangalala, ena anayamba kuwonjezera zipinda pamalo pamene kale pankadutsa madzi. A Mhango nawo anamanga chipinda cha zidina m'mbali mwa bwalo lawo, choti azichititsa lendi. Tinatsika nayo ngalandeyo mpaka kufika pamwamba pang'ono pa nyumba za kumunsi. Pamenepo simenti inatha.

Nyumba yoyamba kutsogolo kwa mapeto a ngalandeyo inali ya Che Saidi, telala wa ku Mangochi amene ankasoka pakhonde pake. Ankakhala ndi akazi awo, ana, ndi mayi awo okalamba amene sankayenda. Tsiku limene tinasiya ntchito anaimitsa makina awo n'kubwera pamene ndinaima.

"A Kapitawo, ngalande yanuyi ndi yokongola. Koma ine ndikuona ngati yaloza pakhomo panga."

"Ikhota, Che Saidi. Ikhotera uko n'kukatsikira kudambo."

"Ikhota liti?"

"Simenti ikabwera."

"Nanga ife tikusamuka kapena tikukhala? Dzulo kunabwera wina kudzandiuza kuti ndisamangenso kanthu. Dzana kunabwera wina kudzalemba nambala iyo pachitseko."

Ndinayamba kuyenda kufunafuna simentiyo. Kusitolo ya ofesi anandiuza kuti simenti ilipo koma ndi ya ku Mgona. Ndinakwera minibasi kupita ku Mgona, kapitawo mnzanga kumeneko anandiuza kuti iye anauzidwa kuti simenti yake inapita ku Chinsapo. Tinakhala pamwala awirife kuyang'anizana. Ndinabwerera kwa a Kamwendo, iwo anaimba mafoni, n'kundiuza kuti sabata yamawa. Sabata yamawayo inakhala sabata yamawa mpaka mitambo inayamba kusonkhana. Ndinapempha kuti tikumbe kangalande ka dothi kongoyembekezera, anati kukumba pakati pa nyumba za mkangano n'koletsedwa. Ndinapempha kuti titsekule tinjira takale tija kumtunda, anati alendo amene anathandiza pulojekiti akubwera kudzaona ngalande, isakhudzidwe. Chimene tinaloledwa ndi kuunjika matumba a mchenga kutsogolo kwa khonde la Che Saidi.

Dzinja lotsatira

Mvula zoyamba zinadutsa bwino. Madzi ankafika pamatumba, n'kupatukira mbali zonse, kulowa pang'ono m'makonde. Anthu a kumunsi ankadandaula, a kumtunda ankayamika, ine ndili pakati.

Tsiku limene ndikufuna kukuuzani linali Lachisanu mu Januwale. Ndinali kumunsiko ndi anzanga awiri, tikuwonjezera matumba. Che Saidi ndi abambo ena anali atapita kumzikiti. Mvula inayamba masana, ndipo sinayambe pang'onopang'ono, inangokhuthuka. Posakhalitsa ngalande yathu inadzaza mpaka pakamwa. Ana anga, sindinaonepo chinthu chimene ndinamanga ndekha chikugwira ntchito bwino chotero. Palibe dontho limene linatayika. Madzi onse a kumtunda, ofiira, onyamula mapepala, nsapato, nthambi, anabwera pamodzi mothamanga n'kugwera pamatumba athu. Matumbawo anapita ngati sanaliko.

Amayi ndi ana anathawira pachulu china chapafupi. Akazi a Che Saidi anakana kutuluka. Ankakuwa ali pakhomo kuti apongozi awo ali mkati. Tinalowa, madzi ali m'maondo. Gogoyo tinamukweza patebulo losokera, akupemphera motsitsa mawu, maso ali kudenga. Tinayesa kumunyamula kuti tituluke naye, koma pakhomo penipeni ndi pamene madzi ankawomba, moti munthu wopanda katundu ankachita kugwira khoma kuti asagwe. Ndinagwira khomalo, chala changa chinalowa m'chidina ngati m'phala. Nyumba zina ziwiri kumbuyo kwake zinali chimodzimodzi.

Ndinatuluka n'kubisala pansi pa malata ena kuimbira a Kamwendo. Anali ku wekishopu ku Mponela. Ndinawafotokozera mokuwa. Ndinati njira imene ndikuiona ndi yogumula khoma la ngalande kumtunda, pamene imakhota, kuti theka la madzi libwerere m'njira yake yakale.

"A Kapitawo, chitani chilichonse chimene mukuona kuti chipulumutsa anthu," anatero. Kenako anawonjezera kuti, "Koma musagumule kanthu, alendo aja akubwera Lachiwiri."

"Bwana, ndiye ndichite chiti?"

Foni inaduka. Ndinaimbanso, sinalowe. Mpaka lero sindikudziwa ngati inali netiweki.

Ndinasiya anzanga aja ndi gogoyo, ine n'kuthamanga kukwera mtunda m'mbali mwa ngalande. Majombo anadzaza madzi, ndinawavula n'kuwataya. Hamala inali kunyumba kwa a Nyagondwe. Ndinawapeza pakhonde akutunga madzi a padenga m'ndowa, pabwalo pawo pali mbee, madzi onse akudutsa bwinobwino m'ngalande.

"Amayi, ndipatseni hamala."

"Hamala pamvula ino? Mukaswa chiyani?"

"Ndikugumula khoma pokhota paja. Kumunsi nyumba zikugwa, muli nkhalamba yosayenda."

Anaika ndowa pansi. "A Kapitawo, miyala imeneyo tinasenza pamutu ife."

"Ndikudziwa, Amayi."

"Madziwo apita kuti?"

"Adutsa m'njira yawo yakale."

"Njira yakaleyo si iyo bambo anamangamo chipinda?"

"Ndikhulupirira kuti angonyambita khoma n'kudutsa. Ndi theka chabe la madzi."

"Mukhulupirira kapena mukudziwa?"

"Sindikudziwa, Amayi."

A Nyagondwe analowa m'nyumba, n'kutuluka akukoka hamalayo ndi manja awiri. Anandipatsa okha. Anati, "Ndikauze bambo atulutse katundu m'chipindamo."

Khoma limene ndinalimanga ndi mtima wanga wonse linali lolimba. Ndinamenya mpaka manja anachita dzanzi. Anthu anatuluka m'makonde, ena akukuwa kuti kapitawo wapenga, bambo wina anandigwira mkono, ndinamukankha. Mwala woyamba utachoka, madzi anamaliza okha. Anang'amba chibowo chachikulu kuposa chimene ndinkafuna, n'kutsika m'njira yakale ija ndi mphamvu imene sindinaiyembekezere. Sanali theka ayi.

Kumunsi madzi anaphwa mpaka m'mapazi. Anzanga anachotsa chitseko cha Che Saidi, chija cha nambala, n'kunyamulirapo gogoyo kupita naye pachulu. Nyumbayo inapendekeka koma sinagwe. Izi ndinazimva pambuyo. Chimene ndinaona ndi maso anga chinali kumtunda. Madzi sananyambite chipinda cha a Mhango, anachidya kunsi. A Mhango anali atatulutsa matiresi, n'kubwereranso mkati kukatenga njinga. Khoma linawagwera pamwendo. Tinafukula ndi manja, ine ndi anthu omwe aja ankandikuwiza, n'kuwanyamula mpaka kumsewu. A Nyagondwe sanalire. Anakwera galimoto imene tinaimitsa, mutu wa amuna awo uli pamiyendo pawo.

Miyezi yotsatira

Lolemba anandiitana ku ofesi. Akuluakulu anakhala kutsogolo, ine ndinaima. Anati ndawononga katundu wa boma popanda chilolezo, ndavulaza munthu, ndipo ndichenjere chifukwa ntchito ikhoza kundithera. A Kamwendo ananena kuti anandiuza kuti ndisagumule, zimene zinali zoona. Ananenanso kuti anandiuza kuti ndipulumutse anthu, zimenenso zinali zoona. Akuluakuluwo analemba zonse ziwiri.

Lachiwiri alendo aja anabwera. Anandiuza kuti ndivale ovolosi yochapa, ndiime pambali, ndisayankhule. Anawatengera pamene ndinagumula paja, n'kuwaonetsa kuti mvula ya chaka chino yakula motani, mpaka kuswa khoma la miyala. Alendowo anapukusa mitu, anajambula zithunzi, analonjeza kuthandiza. Anthu a m'deralo anaima cha patali, aliyense akudziwa chimene chinaswa khomalo, koma palibe anatsegula pakamwa. Lachisanu lake, pamsonkhano wa ogwira ntchito, mmodzi mwa akuluakulu omwe aja anandiimiritsa n'kuuza anthu kuti aombe m'manja chifukwa cha kapitawo amene anapulumutsa miyoyo ku Chinsapo. Ndinaima, anaomba. Pobwerera ndinakwera minibasi yolakwika, ndinazindikira ndili ku Kawale.

Simenti inabwera mwezi usanathe, yambiri, chifukwa cha zithunzi zija. Ndinamanganso pamene ndinagumula. Nthawi yomweyo mkangano wa maofesi uja unatha, ndipo chigamulo chinali choti nyumba za kumunsi zichoke. Che Saidi anapatsidwa malo ku Chigwirizano. Nyumba imene ndinaipulumutsa ndi hamala inagwetsedwa ndi thirakitala, ndipo mapu atsopano anati ngalande isakhotenso, ingowongoka. Tinaidutsitsa pamene panali khonde lawo. Mayi awo anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho, kunyumba yatsopano, pamphasa youma. Che Saidi anandifunafuna mpaka kundipeza, n'kundipatsa malaya amene anasoka osandiyesa n'komwe. Anandikwana. Ndinawafunsa ngati sakundiimba mlandu chifukwa cha ngalande imene inaloza pakhomo pawo. Anati, "Munabweretsa madzi ndinu, munawachotsa ndinu. Ine ndathokoza chachiwiricho. Choyambacho mukambirane ndi Mulungu."

A Mhango ndinapita kukawaona kuchipatala. Mwendo unathyoka pawiri. Ndinakhala pambali pa bedi ndi nthochi zanga m'manja, osadziwa poyambira.

"Mukanandiuza kaye, a Kapitawo," anatero.

"Ndinauza amayi."

"Eya. Amayi anandiuza kuti nditulutse katundu."

Mwendowo sunawongokenso, lole anasiya kuyendetsa, anatsala akugulitsa makala pakhomo, akuyenda ndi ndodo. A Nyagondwe anatula pansi upampando. Tikakumana m'njira ankayang'ana kumbali. Anthu a kumtunda, amene tinadya nawo chimanga chootcha chilimwe chonse, anasiya kundipatsa moni. Ndinafunsa amayi anu kuti kodi ndinachita bwino kapena ndinalakwa. Iwo anati, "Mukanapanda kugumula, bwenzi mukundifunsa funso lomwelo." Ndinafunsa a Kamwendo tsiku limene ankasamutsidwa. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti nawonso akadziwa adzandiimbira. Ndinagwira ntchito zaka zina zambiri, ku Mgona ndi ku Area 25, mpaka ndinapuma. Ngalande ya ku Chinsapo ikugwirabe ntchito, ndipo amene amakhala kumeneko lero amati ndi yabwino.

Nditapuma ntchito

Chaka chatha, ndili pakhonde kuno ku Area 25, pageti panaima mayi wokalamba wovala duku loyera, ali ndi mwana wake wamkazi. Ndinawazindikira ndi mawu pamene ankaodira. Anali a Nyagondwe. Amayi anu anawayalira mkeka, anapatsana moni wautali. Zaka zonsezo mayi ameneyu sanandiyankhulepo. Anandiuza kuti a Mhango anamwalira chaka chinacho, ndipo anaikidwa konkuno chifukwa ana onse ali mumzinda. Ndinapepesa kuti sindinamve.

"Sitinakuuzeni," anatero. "Tsopano tikufuna kumanga chiliza. Mumange ndinu."

"Amayi, ine ndakalamba. Amisiri achinyamata alipo ambiri."

"Ndikudziwa kuti alipo. Simenti tagula kale, yokwanira mpaka kumapeto. Mubwere Loweruka."

Atapita ndinafunsa amayi anu kuti kodi uku ndi kundikhululukira kapena kundilanga. Anati ndipite ndikaone ndekha. Ndinafukula levulo yanga ndi chingwe m'katoni, n'kupita. Ana a a Mhango ankanditutira madzi ndi njerwa, mwaulemu ndithu, koma za kale palibe anatchula. Ndinamanga pang'onopang'ono, msana ukuwawa, ndipo njerwa iliyonse ndinkaiyesa kawiri. Nthawi yonseyo a Nyagondwe anakhala pamthunzi cha patali akundiyang'ana. Kangapo ndinafuna kuti ndipite pamene anakhala ndikanene mawu ena ake, koma sindinkadziwa kuti ndi mawu ati, ngati ndi opepesa, kapena othokoza chifukwa cha hamala ija, kapena ofunsa chimene iwo akhala akuganiza zaka zonsezi.

Nditamaliza kupaka, anadzuka n'kubwera. Anazungulira chilizacho, anagwira ngodya imodzi ndi dzanja, n'kuona mzere wake ndi diso limodzi monga ankachitira pangalande.

"Mwamanga bwino, a Kapitawo," anatero. "Ichi chokha musadzagumule."

Ndinayang'ana nkhope yawo kuti ndione ngati akuseka. Anali atawerama kale, akuzula udzu m'mbali mwa manda a amuna awo. Ndinaika levulo pansi, ndinawerama, n'kuyamba kuzula nawo.